Khomo Lachiwiri kwa a Gwaza

Lamulo la chipatala linali lakuti pakhomo lililonse azichiritsapo mwana mmodzi yekha pachaka. Koma mapasa a Nankhoma onse anabadwa ndi matenda a magazi.

Namwino anafotokoza kuti amabaya tithovu tonyamula mbewu ya magazi abwino, kenako makina a phokoso losamveka amatiphulitsa m'thupi, mbewuyo n'kulowa. "Sankhani mmodzi, mayi."

"Ndisankhe ngati mbuzi zapamsika? Anawa ndinabereka tsiku limodzi."

Atafika kunyumba, Nankhoma anauza amuna ake, a Gwaza: "Bambo a mapasa, boolani khoma lakuseri, muikepo chitseko. Inu ndi mwana wamwamunayu ndinu khomo lina."

Namwino atabwera kunyumbako anawerenga zitseko ziwiri, nabaya onse. Koma oyendera makomo ochokera kuchipatala amabwera mosayembekezeka, choncho a Gwaza amaodira kwa mkazi wawo ngati mlendo, akupempha mchere.