Moni wa Wapolisi

"Layisensi yanu, bambo," anatero wapolisi ataimitsa Bizwick pamsewu wochokera ku South Bend kupita ku Indianapolis.

Bizwick anali atathamangitsadi galimoto. Pambali pake panali Vainess, chibwenzi chake, ndipo kumbuyo kunakhala mayi ake a Vainess, amene anafika dzana kuchokera ku Dedza.

Anakumbukira mphekesera ya pa WhatsApp yoti masiku ano chindapusa chikutengera malipiro a munthu. Anasuzumira kumbuyo, n'kuganiza kuti mayiwo samva kanthu, basi n'kuyamba kudandaula m'Chingerezi chothamanga.

"Bwana, ine ndimalandira zochepa kwambiri. Ntchito yanga ndi yokankha odwala pa wilutcheya kuchipatala. Galimotoyinso ndi ya mnzanga."

"Pepani," anatero wapolisiyo uku akulemba. "Kuno chindapusa sichiona malipiro a munthu."

Atanyamuka, Bizwick anamwetulira pagalasi. "Palibe vuto, amayi. Amangotipatsa moni."

"Koma ndiye moni wautali," anatero mayiwo modekha. "Ine ndaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, bambo. Nanga iwe Vainess, dokotala unkandiuza pafoni uja tikamupeza ku Indianapolis?"