Masikuluwu a M'denga la Boti

“Mwaotcha? Zonse?” Mmisiri wa mipando anaponya sizasi pansi, maso ali psuu.

Mlamu wake, mwini boti lakale lathangalo, anakanda mutu. “Inali nsalu yowola, alamu. Siponji yake imatigwera m'maso ngati gaga. Ndimati ndikupeputsireni ntchito.”

“Kupeputsa? Denga la kachipinda ka m'botimu ndi lopindika, ngodya yowongoka palibe. Nsalu yatsopano timadulira pa yakale! Nanga masikuluwu aja omwe anagwira timatabwa topanira nsalu?”

“Anali adzimbiri. Ndataya.”

“Mchemwali wanga anaona chiyani pa inu? Tulukani! Kakhaleni pamwambapo, musakhudzenso kanthu.”

Mmisiri anatsala yekha, akutukwana chamumtima. Boti limayenera kulowa m'madzi Loweruka, ndipo iye anali atadzitama pamaso pa banja lonse kuti denga lidzakhala ngati la hotela. Anayeza ndi makatoni, nadula nsalu. Anapala siponji yotsalira mpaka mikono kuwawa, kenako anapaka guluu. Pomaliza anatapa masikuluwu m'bokosi lake osayang'ana n'komwe, nayamba kumanga timatabwa, sikuluwu lililonse ndi ukali wake.

Atamanga lomaliza anabwerera m'mbuyo. Denga linali see, lopanda khwinya.

“Mayo ine!”

Atamva kukuwako, mmisiri anathamangira panja. Mlamu uja anali atagwira phazi, magazi akuchucha. Pamwamba pa denga ponse nsonga za masikuluwu ataliwo zinali zitatulukira, mizere inayi yowongoka bwino. Kumwamba mvula inali itayamba kudontha.

“Alamu,” anatero mwini boti mofatsa, “sindinakhudze kanthu. Koma ndikhale pati?”