Munda Wamawanga wa Nkhanga

Padangokhala, mvula ili yosasunga pangano ngati lero lomwe, Nguluwe analakwa poseka mlamu wake Nkhanga.

Nkhanga ankapalasa ponseponse, kubzala mosakaniza chimanga, mapira, nandolo ndi maungu, pachulu ndi kudambo komwe.

"Alamu, mundanso ukhale wamawanga ngati thupi lanulo?" anatero Nguluwe, uja sayang'ana m'mbali akamathamanga. Iye anabzala chimanga chokhachokha.

"Mvula sinandiuze maganizo ake," anayankha Nkhanga.

Mvula inayamba bwino, kenako inadula chimanga chikumasula. Cha Nguluwe chinauma chonse. Kwa Nkhanga mapira anapirira, maungu akudambo anabereka, nkhokwe ziwiri zinadzaza.

Ana ake atayamba kulira njala, Nguluwe anapita kwa Nkhanga ndi dengu, mphuno ili pansi. Nkhanga anamudzazira akuimba, naikanso mbewu zosakaniza pamwamba.

Nguluwe analandira dengulo. "Alamu, pakamwa panga panatsogola. Pepani."