Granata ya Kumanzere

Ermek akutembenuza galimoto pabwalo, phokoso lija linayambanso. Kha-kha-kha, kutayala la kutsogolo, chiwongolero chikangopindidwa mpaka kumapeto. Akawongola, zii.

Mkazi wake Begimai anali pakhonde, mwana pachifuwa, maso patayala. Mawa lake banja lonse limanyamuka mumzinda wa Osh kupita kuukwati kudera la Alai, msewu wa m'mapiri, wokhotakhota, phompho pambali. Mwanayo, Sanjar, wa miyezi isanu, ankayenera kupita nawo. Apongozi a Begimai, mayi ake a Ermek, anali atagamula kale kuti abale amuone mdzukulu.

Za phokosolo Begimai anali atadandaulapo kuchipinda. Ermek anangoseka. "Yakhala ikulira chomwechi kuyambira m'chisanu. Inatitayapo? Iwe umaopa ngakhale chitseko."

Sankanama. Begimai ankaopa mphepo ya pawindo, galu wa aneba, madzi osawiritsa. Pakhomopo aliyense ankadziwa. Komanso mtengwa satsutsa mwamuna pamaso pa apongozi. Amathira tiyi, maso pansi.

Anathiradi tiyi. Apongozi anali pamkeka, akulongedza timandasi ta kuukwati, kena akuponya mkamwa.

"Bambo a Sanjar," anatero Begimai motsitsa mawu, "granata munkanena pafoni dzulo ija ikadali m'galimotomo? Mbali imene amakhala amayi?"

Apongozi anasiya kutafuna. Malemu amuna awo anali msilikali, ndipo granata ankaidziwa: bomba la m'manja, losolola kawaya n'kuponya.

"Iwe Ermek. M'galimoto muli chiyani?"

Ermek anaseka mpaka tiyi kutayikira pathalauza. "Amayi, mpongozi wanuyu adzandipha. Ndi dzina chabe. Ndi chitsulo chozungulitsa tayala la kutsogolo. Amakaniko amachitcha granata chifukwa chimafanana nayo. Chikatha chimalira pokhota, basi."

"Koma munati ikhoza kuphulika," ananong'ona Begimai.

"Ndinati ikhoza kuthyoka. Tsiku lina. Osati mawa."

"Inakuuza tsiku lake?" anafunsa apongozi. "Nanga ikathyoka?"

"Galimoto imangoima."

"Imaima pati? Pamwamba pa phiri, ndi mdzukulu wanga?"

Apa Ermek anadzigwetsa yekha m'mbuna. Anawagwira mkono mayi ake kuti akaone okha kuti palibe bomba. Anapinda chiwongolero, nawaloza kuseri kwa tayala. Labala yophimba chitsulocho inali itang'ambika ngati sokosi yakale, ndipo zakuda zinali zitamwazika mkati monse mwa tayala. Mayiwo anakhudza ndi chala, nanunkhiza.

"Yayamba kale kudontha."

"Ndi girisi ameneyo, amayi."

"Bambo ako ankati chikayamba kudontha, thawa."

"Ankanena za chiyani?"

"Za chilichonse."

Apa n'kuti Begimai atabisala kale kuseri kwa mtengo, atatseka makutu a mwana ndi zikhatho. Ermek anamuyang'ana, napukusa mutu. Sukulu yonse ija, munthu osasiyanitsa sipeya ndi bomba.

"Uichotse lero," anatero mayi ake, akupukutira chala pamalaya a mwana wawoyo. "Apo ayi, ine ndi Sanjar sitikwera. Ukawafotokozere wekha amalume ako chifukwa chake wabwera ndi timandasi tokha."

Ermek anatulutsa foni akung'ung'udza. Loweruka masana sipeya angaipeze kuti? Anaimbira Janybek, makaniko mnzake wa kalekale.

"Aise, tabwera udzaone galimoto. Kuno andisandutsa chigawenga."

Anadula foni pomwepo. Tiyi asanazizire n'komwe, Janybek anatulukira pageti, jeke paphewa, katoni m'khwapa. Analonjera apongozi, dzanja pamtima, n'kugwada patayala la kumanzere osafunsa.

Ermek anatsegula katoniyo. Munali granata yatsopano, yonyezimira, ndi labala yake.

"Iwe, galimotoyi sunaimve n'komwe. Wadziwa bwanji kuti ndi imeneyi?"

"Ya pafupi ndi tayala, mbali ya kumanzere," anatero Janybek, akumasula mabawuti. "Alamu, a Begimai, anandiimbira Lolemba, ananditumiziranso chithunzi cha labala yong'ambikayo. Anati ndisaiwale girisi, ndipo ndisabwere mpaka mutandiitana nokha."