Mafoni M'lichero

Lachitatu lililonse ikakwana teni koloko m'mawa, mudzi wa Kanyimbi umazimitsa mafoni. Netiweki yonse imasiyidwira Ulemu, mwana wa Nasimango, amene amayendetsa pakompyuta makina a kutsidya kwa nyanja ali pakhonde pa amake. Makinawo amawalitsa timibulu tonga ta mchere n'kuonetsa za m'kati mwake.

Tsiku limeneli Ulemu anali kuunika kam'bulu kofufuzira mankhwala a mbozi za m'chimanga. Anakavutikira miyezi isanu, koma eni makinawo anam'patsa mphindi khumi zokha.

Nasimango sakhulupirira munthu. Anazungulira mudzi wonse ndi lichero.

"Ponyani muno, a Chikaonda. Mpirawo mudzaonera mawa. Mbozi zikatha chimanga mudzadya zigoli?"

A Chikaonda anaponya monyinyirika, n'kulondola foni yawo mpaka pakhondepo.

Chithunzi chitangoyamba kutuluka, chinaima njii.

"Amayi, alipo wina sanazimitse!" anatero Ulemu. "Zatsala mphindi zitatu!"

Nasimango anadzambatuka. "Mfiti imeneyo indiona lero!"

Pomwepo nyimbo ya kwaya inalira pamfundo ya chitenje chake.

A Chikaonda anatola lichero lija, n'kunjuta mwaulemu.

"Ponyani muno, mayi."