Silvino ndi Masewera a Beseni

Panalitu munthu wina ku Zóbuè, dzina lake Silvino, kapitawo wa gulu lomanganso mlatho umene unagumulidwa pa nkhondo. Akuti zinachitikadi. Anthu ake ena anamenya nkhondo mbali iyi, ena mbali inayo, moti ngakhale moni sankapatsana. Ponyamula mtanda aliyense ankangokokera kwake. Shefi, bwana wamkulu wa ntchitoyo, anali atachenjeza kale kuti mvula ikapeza mlatho usanathe, ukapitawo wa Silvino wathera pomwepo.

Kenako panalembedwa ntchito Xavier, amene anali atangobwerako ku Malawi kothawa nkhondo. Iyeyu anayambitsa masewera pa nthawi yopuma. Awiri ankamangidwa nsalu kumaso n'kunyamula thabwa, pathabwapo beseni la madzi, wachitatu n'kumawauza poponda. Adani akale ankawaphatikiza dala. Madzi akatayika, onse kuseka mpaka misozi. Posakhalitsa ngakhale pa ntchito unkamva, "Tsitsa pang'ono, Baptista, ndakugwirira kuno." Mlatho unayamba kuoneka.

Koma Silvino nsanje inamudya. Pakamwa pa aliyense panali Xavier, Xavier, ngati kapitawo anamwalira.

Mkazi wake Ilda anamulangiza, "Bambo a Ivo, mlatho ukatha wotamandidwa ndinu. Kanyamuleni thabwalo nanunso."

"Ine andimange kumaso wothawa nkhondo? Ife tikufa kuno, iye ankadya nandolo wa kukampu."

M'mawa mwake ulendo kwa shefi. "Shefi, munthu uja akumanga anthu kumaso ngati mmene asilikali ankachitira kutchire. Akuphunzitsa usilikali ameneyu."

Masiku amenewo mawu otere sanali ocheza. Xavier anachotsedwa tsiku lomwelo, osafunsidwa n'komwe.

Wabodzayo sanabisike. Ndipo anthu aja, amene tsopano ankamvana, anapangana chimodzi. Lolemba onse anatsatira Xavier kukaumba njerwa ku Kambulatsitsi. Silvino anayenda khomo ndi khomo kufuna ena, koma ndani angagwire ntchito ndi munthu wokunamizira za nkhondo?

Mvula yoyamba itagwa shefi anafika, n'kumupeza yekhayekha akulimbana ndi mtanda m'matope.

"Silvino, paja kapitawo ndiwe. Nanga ukulamula ndani?"

Silvino anausiya mtanda uja m'matopemo. Shefi anatambasula dzanja, nalandira makiyi a nyumba ya zipangizo.

Phunziro: Mnzako akabweretsa nzeru yogwirizanitsa anthu pa ntchito, lowa nawo m'masewerawo, usamukumbire dzenje. Wansanje amagwetsa mpando umene wakhalapo yekha. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka akapitawo.