Mahisitoni a Juliana

Juliana anabwerera ku labu kutada kukatenga mapepala ake, mtima ukuwira. Zaka ziwiri anafufuza mahisitoni, timapuloteni tomwe ulusi wa DNA umakulungidwapo m'selo ya yisiti, koma a Mateyu, aphunzitsi ake, anakana ntchito yonseyo.

Anawapeza atawerama pa maikulosikopu yosayatsa.

"Mwandilakwira, bambo! Simunawerenge n'komwe!"

"Unalondola," anayankha osatembenuka. "Mahisitoni akamasula ulusi, jini yosunga chibadwa imadzuka."

Foni ya Juliana inalira. Anali Chifuniro, mnzake wa ku Chikanda. "Wamva? A Mateyu agubuduzika ndi galimoto potsika phiri masana. Atisiya."

Juliana anatsitsa foni, koma ukali sunamuchoke.

"Ndiye mumadikira kufa kuti muvomere?"

Mpando wa a Mateyu unayamba kutembenuka pang'onopang'ono.

"Tseka chitseko, mwanawe. Sitinamalize."